Chitseko cha ku Yunivesite Chimatsekeka Tili Fomu 2

Wolemba: wophunzira wa Fomu 4

Inu a Fomu 1 ndi Fomu 2, taimani kaye pomwepo. Ndikudziwa kuti pakhoma pano mumabwera kudzaona zojambula ndi nthabwala, ndipo mukaona mapepala ambiri chonchi mumangoti "izi n'za a Fomu 4" n'kumapita ku mandasi. Ayi, izi ndalembera inuyo. Anzanga a Fomu 4 akhoza kudutsa, chifukwa kwa ife zambiri zomwe ndinene pano ndi madzi otayika kale.

Ndiyamba ndi nkhani yanga, ngakhale ili yochititsa manyazi.

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atafika kuno, ine ndinali Fomu 1. Palibe amene waiwala: mvula ya masiku angapo yosakata, phokoso la miyala ikugubuduzika kuchokera m'phiri usiku, milatho kukokoloka, sukulu kutsekedwa, makalasi ena kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Agogo anga ankati ndi Napolo wadutsa, ngati mmene anadutsira ku Phalombe mu 1991. Agogo sindinawatsutse, koma mumtima munatsala mafunso. Kodi mvula imene ija inachokera kuti? Anthu a zanyengo anaiona bwanji ikadali kutali kunyanja yamchere? Nanga n'chifukwa chiyani phiri limang'ambika malo ena, malo ena ayi? Kuyambira pamenepo ndinkati ndikadzakula ndidzakhala mmodzi mwa anthu olosera zanyengo. Ndinkauza aliyense. Mpaka amayi anayamba kumandifunsa m'mawa kuti, "A zanyengo, tiyanike mphale lero kapena ayi?"

Tsono tamvani zomwe ndinachita. Titalowa Fomu 3, tsiku losankha maphunziro linafika. Aphunzitsi analowa ndi pepala n'kunena kuti ofuna Physics ndi Chemistry akhale mbali iyi, ofuna History ndi maphunziro ena otero akhale mbali iyo. Ine ndinayang'ana komwe anzanga apamtima akulowera. Wina anandinong'oneza kuti, "Aise, Physics popanda labu n'kudzipha. Tiye tikatole mapointi." Ndinanyamula chikwama n'kuwatsatira. Zonsezo sizinatenge mphindi khumi. Kunyumba sindinanene, ndipo ndikananena amayi akanangoti, "Zakusukulu ukudziwa ndiwe."

Chaka chino msuweni wanga wa ku Limbe anabwera ndi nyuzipepala yakale momwe munali chilengezo cha bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa ntchito yosankhira ophunzira ku mayunivesite a boma. Ndinayamba kusakasaka ndi chala, ndipo ndinachipeza chomwe ndinkafuna: maphunziro a zanyengo ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo. Pafupi pomwepa, boma loyandikana nalo. Pambali pake analemba maphunziro omwe munthu ayenera kukhoza bwino pa MSCE kuti amuganizire, ndipo Masamu ndi Physics zinali pomwepo. Ndinawerenga katatu, ngati kuti ndikabwereza zilembozo zisintha. Msuweni wanga anandifunsa kuti, "Bwanji wangoti zii?" Ndinati palibe. Koma zoona zake n'zakuti chitseko chimene chija ndinachitseka ndekha, ndi dzanja langa, chaka chathunthu ndisanadziwe n'komwe kuti chilipo.

Mfundo yanga ndi imeneyi. Pasukulu pano timaganiza kuti nkhani ya ku yunivesite imayamba Fomu 4, ena amati imayamba zotsatira za MSCE zikatuluka. Bodza. Imayamba Fomu 1, ndipo gawo lalikulu limathera kumapeto kwa Fomu 2. Fomu 4 timangokolola, ndipo wodzala chinangwa sakumba mbatata.

Tiyeni tione kaye mmene zinthu zimayendera, chifukwa ndazindikira kuti ambiri timanena za mapointi osadziwa bwino mmene amawerengedwera. Pa MSCE, bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndiye kulakwa. Mapointi amachokera pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino, ndiye wokhoza kwambiri kuposa onse amapeza mapointi 6. Kuti uganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Mvetsani bwino pamenepa. Ukhoza kukhala ndi ma 1 okhaokha, koma Chingerezi ukapeza 7, basi, fomu yako siyenda.

Izi ambiri timazidziwa. Chomwe sitidziwa n'chakuti makirediti asanu ndi limodziwo ndi tikiti yongolowera pageti. Mkatimo muli zitseko zambiri, ndipo chitseko chilichonse chili ndi kiyi wake. Udokotala ndi unamwino zimafuna maphunziro a sayansi. Uinjiniya umafuna Masamu ndi Physics. Za ulimi ku LUANAR nazonso zimayang'ana sayansi ndi Masamu, sizingoyang'ana kuti kwanu mumalima nandolo. Zowerengera ndalama zimafuna Masamu.

Ndipereke chitsanzo chongoyerekeza. Wophunzira woyamba wapeza Chingerezi 3, Chichewa 1, Bible Knowledge 2, Social Studies 2, History 3, Agriculture 3. Pamodzi mapointi 14. Masamu wapeza 8. Wachiwiri wapeza Chingerezi 4, Masamu 3, Biology 3, Physics 4, Chemistry 4, Agriculture 2. Pamodzi mapointi 20. Tsiku lotuluka zotsatira, mudzi wonse uimbira nthungululu woyambayo, ndipo n'zoyenera, wagwira ntchito. Koma onse awiri akamafuna unamwino kapena uinjiniya, wa mapointi 20 uja ali ndi poyambira, pomwe wa 14 sangalembe n'komwe maphunziro amenewo pafomu yake. Ndiye mawu aja akuti "tiye tikatole mapointi" ali ndi msampha mkati. Mapointi ochepa ndi abwino, koma funso n'lakuti mwawatola m'maphunziro ati.

Pano wina andimva molakwika, ndiye ndikonze msanga. Sindikunena kuti History ndi phunziro la anthu aulesi, kapena kuti aliyense athamangire ku Physics. Ine History ndimaikonda, ndipo dziko lino likufuna aphunzitsi, atolankhani, maloya ndi olemba mabuku. Ngati mtima wako uli kumeneko, pita ndi mutu wako wonse, usachite manyazi. Chomwe ndikudana nacho n'kusankha mwamantha, kapena kusankha chifukwa mnzako wokhala naye desiki wadzuka. Munthu wosankha History chifukwa akufuna kudzaphunzitsa History wasankha. Wosankha History chifukwa akuthawa Masamu ndi Physics sanasankhe, wangothawa. Ine ndinathawa.

Mayunivesite a boma omwe NCHE imasankhirako ophunzira alipo asanu ndi imodzi, ndipo ndikufuna aliyense wa Fomu 1 awadziwe ngati mmene amadziwira matimu a mpira. UNIMA ili ku Zomba, komwe akuluakulu amatibe ku Chanco. MUBAS ili ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic. KUHeS ndi ya zaumoyo, inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Zitatuzi zinali yunivesite imodzi mpaka zinagawidwa mu 2021. LUANAR ili ku Bunda ku Lilongwe, MZUNI ku Mzuzu, ndiye MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014. Dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, likulimbirana malo m'sukulu zisanu ndi imodzi zimenezi. Chaka chilichonse pamakhala anthu ambiri oti makirediti ali nawo okwanira koma dzina lawo silituluka, chifukwa malo ndi ochepa. Ndiye kukwanitsa zofunika n'kwina, kusankhidwa n'kwinanso.

Kale kunali kota, pomwe malo ankagawidwa poyang'ananso boma lomwe munthu akuchokera. Boma linathetsa ndondomeko imeneyi mu 2020. Ena kumudzi amadandaulabe kuti ikanakhalapo bwenzi ana a ku Mulanje akupita ambiri. Kaya. Ine ndimaona kuti ngakhale nthawi imeneyo, mwana wa ku Mulanje wophunzira pasukulu yogonera ya labu ndi laibulale ndiye anali patsogolo pa mwana wa ku Mulanje wa pa CDSS. Kota inkayang'ana boma, sinkayang'ana ngati kalasi yako ili ndi mawindo. Mulimonsemo, lero mpikisano wathu ndi wa dziko lonse. Pepala la Biology lomwe tidzalembe ife ndi lomwelo lomwe adzalembe mtsikana wa ku Providence ndi mnyamata wa ku Mulanje Secondary, ndipo wochonga sadzafunsa kuti unayenda makilomita angati kubwera kusukulu.

Apa ndi pomwe anzanga amandidula pakamwa. Amati, "Iwe, usatinamize. A pa CDSS ku yunivesite sapitako. Tingopeza satifiketi basi." Mawu amenewa sindiwanyoza, chifukwa ali ndi pochokera. Sukulu ngati yathuyi zinayamba ngati malo ophunzirira a MCDE, kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kusandutsidwa ma CDSS, ndipo zambiri mpaka lero zilibe zomwe sukulu zina zili nazo. Buku limodzi timagawana anthu angapo. Za ma asidi timaziona pabolodi, zojambula ndi choko. Mnzathu wa sukulu yogonera akamalowa prepu madzulo pansi pa getsi, ife tili panjira, kapena kumunda, kapena pamjigo. Amenewa si madandaulo opeka. Aliyense wonena kuti mpikisanowu ndi wofanana sanayendepo wapansi kuchokera kumudzi mvula ya ku Mulanje ikugwa, n'kukhala m'kalasi tsiku lonse malaya ali chinyowere.

Koma taganizani. Ngati mnzako ali panjinga iwe uli wapansi, ndipo nonse mukufuna kukafika ku Chitakale nthawi imodzi, nzeru n'kutani? Mesa n'kulawira? Wa sukulu yogonera akhoza kusewera Fomu 1 ndi Fomu 2, n'kudzadzidzimuka Fomu 3, zinthu n'kumuyenderabe, chifukwa ali ndi aphunzitsi okwanira, mabuku, ndi maola a prepu omukankha. Ife mwayi wodzidzimuka mochedwa tilibe. Umphawi wa sukulu yathu ndi chifukwa choyambira msanga, koma ife tinausandutsa chifukwa chosayambira n'komwe. Ndipo chaka ndi chaka pamndandanda wa osankhidwa pamapezeka mayina ochokera m'ma CDSS. Ndi ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwathu, inde. Koma alipo, ndipo sindikukhulupirira kuti anayamba kuwerenga mwezi wa Meyi ali Fomu 4.

Pa asembule timamva kawirikawiri za William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi, mpaka anakamaliza maphunziro ku Dartmouth ku America mu 2014. Nkhani yake imakambidwa ngati chozizwitsa, ndipo ikakambidwa choncho imatifooketsa, chifukwa tonse tikudziwa kuti sitidzapanga makina amphepo. Ine chomwe ndimatolapo n'chaching'ono: mnyamata uja ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka kwawo n'kumabwereka mabuku a sayansi, Chingerezi chake chili chovutikira, n'kumalimbana nawo. Ifeyo kabati ya mabuku ili mu ofesi muja, ndi angati a Fomu 1 amene anabwerekapo buku lomwe aphunzitsi sanawatume?

Ndiye kuyamba msanga n'kutani kwenikweni? Sindikunena zogona ndi buku kumutu kapena kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira usiku ngati mmene amachitira a Fomu 4 mayeso akayandikira. Zimenezo ndi za anthu ochedwa.

Choyamba ndi Chingerezi, ndipo ndikudziwa kuti n'zoseketsa kunena zimenezi m'nkhani yolembedwa m'Chichewa. Chichewa ndi chathu, Chilomwe cha agogo ndi chathu, palibe wotilanda. Koma kupatula phunziro la Chichewa, mayeso onse amabwera m'Chingerezi. Ndaona anzanga odziwa bwino Agriculture, anthu oti kwawo amalima zenizeni, akulakwa funso chifukwa sanasiyanitse pomwe afunsidwa kutchula ndi pomwe afunsidwa kufotokoza. Chingerezi sichilowezeka temu imodzi. Biology ukhoza kuipanikiza miyezi itatu n'kutolapo kanthu, koma chilankhulo chimamera pang'onopang'ono ngati mkungudza wa m'phirimu. Pasukulu pano tili ndi chizolowezi choipa: wina akayesa kulankhula Chingerezi n'kuphonya, kalasi yonse imafa ndi phwete, mawa lake n'kumupatsa dzina. Ine ndinasekapo anthu, ndipo nanenso ndinasekedwapo n'kukhala chete temu yonse. Amene timawaseka aja ndi amene akuphunzira. Werengani chilichonse chomwe chagwa m'manja mwanu, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Mverani nkhani za Chingerezi pawailesi, kenako mumverenso za Chichewa muone zomwe munaphonya. Lembani ndime imodzi patsiku. Mukayamba Fomu 1, pofika Fomu 4 ndi ndime zoposa chikwi.

Chachiwiri ndi Masamu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri timafera. Masamu ali ngati khoma la njerwa. Mzere wa pansi ukapindika, wa pamwamba sungawongoke. Ife a Fomu 4 a chaka chino tili ndi umboni. Sukulu zitatsekedwa nthawi ya Freddy, titabwerera aphunzitsi anayesetsa kuthamanga kuti silabasi ithe, koma ena mwa ife mitu ina inangotidutsa. Ine manambala okhala ndi mainasi sindinawamvetse bwino. Sindinafunse, ndinkaopa kuoneka mbuli. Fomu 2 ndinakumana nawo mu algebra, ndinkangolozera. Fomu 3 anandipezanso m'ma graph. Ndinayamba kunena zomwe aliyense amanena, zoti "ine Masamu si mbali yanga, kwathu kulibe wa Masamu." Chaka chino mnzanga wina wamkazi wa m'kalasi mwathu anakhala nane pansi masana atatu okha, n'kundijambulira mzere wa manambala pamchenga. Masana atatu! Chinthu chomwe chinandizunza zaka zitatu. Ndiye vuto silinali magazi a kwathu. Linali kabowo kakang'ono ka Fomu 1 komwe ndinakasiya mpaka kanakula. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, ine ndinadya zaka zitatu.

Ndiye iwe wa Fomu 1, mutu ukakudutsa lero, usadikire kuti udzaumva Fomu 4. Sudzabweranso. Aphunzitsi a Fomu 4 alibe nthawi yobwerera kumbuyo, akuthamangitsana ndi silabasi yawo. Funsa sabata yomweyo. Ukaopa aphunzitsi, funsa wa Fomu 3. Akakunyoza, funsa wina.

Mayeso a JCE nawonso musawatenge ngati mwambo chabe. Anathetsedwapo, kenako boma linawabwezeretsa, ndipo ena amati alibe ntchito poti ku yunivesite sayang'ana JCE. N'zoona sayang'ana. Koma ndi galasi lokhalo lochokera kunja kwa sukulu lomwe limakuonetsa nkhope yako usanasankhe maphunziro a Fomu 3. Mayeso a pasukulu ukhoza kukhala nambala wani n'kumadzimva, kuiwala kuti ukupikisana ndi anthu a m'kalasi mwako okha.

Za nthawi ndinena mwachidule, poti aliyense akudziwa mmene kwawo kulili. Ena Loweruka amakagwira ganyu, ena amathandiza makolo kumsika wa Limbuli, ena amapalasa kabaza ya achimwene awo. Atsikana ndiye ntchito imawachulukira kuposa ife anyamata, tisanamizane. Ine ndikafika kunyumba ndimapeza nsima, mlongo wanga akafika amapeza mbale zakuda ndi ndowa yopanda madzi. Sindingauze munthu wotere kuti aziwerenga maola anayi patsiku. Koma ola limodzi lokhazikika tsiku lililonse kwa zaka zinayi limaposa usiku makumi atatu osagona a mwezi wa Juni. Ola limenelo kwa ambiri a ife likupezeka pasukulu pompano, tikaweruka, dzuwa lisanalowe, chifukwa kunyumba tochi ndi imodzi ndipo mabatire ndi ndalama. Ndipo anyamata anzanga, ngati uli ndi mlongo wako pasukulu pano, kutunga ndowa ziwiri sikungakuchotse umuna.

Nkhani ya labu ija, yomwe mnzanga anandiopseza nayo. N'zoona kuti pa MSCE pali mayeso a pulakitiko, ndipo munthu amene sanagwirepo chipangizo amanjenjemera tsiku limenelo. Koma tsopano ndikuona kuti anzathu amene analimba mtima n'kutenga Physics ndi Chemistry sanafe. Akuvutika, inde, koma akuyenda. Zambiri za Physics ya poyamba ndi zinthu zoti tikuziona tsiku ndi tsiku: njinga ya kabaza ikamatsika chitunda, madzi a m'mipope yochokera m'phiri amene amafika m'midzi popanda injini, sola ya padenga la agolosale. Komanso pulakitiko ndi pepala limodzi, si phunziro lonse. Kuthawa phunziro lathunthu chifukwa cha pepala limodzi, ndi zomwe ndinachita inezo, ndipo sindikulangiza munthu.

Tsono ndili ndi pempho kwa aphunzitsi athu ndi a komiti ya makolo, ndipo ndikupempha mwaulemu, poti ndikudziwa kuti mukugwira ntchito ya anthu awiri aliyense. Tsiku losankha maphunziro lisamakhale la mphindi khumi. Chilengezo cha NCHE chikatuluka, chimatidwe pakhoma pano, ndipo chisachotsedwe chaka chonse, kuti mwana wa Fomu 1 azichiona tsiku lililonse mpaka adziwe kuti maphunziro akutiakuti amafuna chakutichakuti. Temu yachitatu ya Fomu 2, patsale tsiku limodzi loti mphunzitsi akhale ndi kalasi n'kufunsa aliyense kuti ukufuna kudzatani, kenako n'kumuonetsa papepala njira yake. Makolo aitanidwe, afotokozeredwe m'Chichewa. Amayi anga sadziwa kusiyana kwa Physics ndi Chemistry, koma akanauzidwa kuti mwana wanu akasiya ili ndiye kuti za nyengo zija zatha, ndikukuuzani, akanandikoka khutu mpaka mbali inayo. Ngati n'kotheka kugwirizana ndi sukulu ina ya labu kuti tizipitako kamodzi pa temu, tiyeseko. Ndipo amene anaphunzira pano n'kupita ku koleji, akabwera ku holide, aitanidwe adzatilankhule. Mawu a munthu amene anakhalapo pa desiki yothyoka yomweyi amalowa mosiyana ndi a mlendo wobwera pagalimoto.

Pali tizinthu tina tating'ono tomwe timagwetsa anthu kumapeto. Dzina lomwe mwalembetsa ku MANEB likhale lofanana ndi la pa chitupa cha unzika, kalembedwe kake ndi tsiku lobadwa lomwe. Kuno timakonda kusinthasintha, lero dzina la bambo, mawa la malume, mkuja la agogo. Mukakwanitsa zaka 16 kalembetseni chitupa, musadikire kuti chifunike mawa. Kufunsira malo ku NCHE kumafuna ndalama yolipirira fomu, ndiye makolo adziwiretu, asadzadzidzimuke nthawi yoti nandolo anagulitsa kale. Pafomupo munthu amasankha maphunziro angapo motsatana, ndipo kusankha mwanzeru n'kofunika: kulemba okhaokha omwe dziko lonse likulimbirana, magiredi ako ali apakatikati, ndi kutaya mwayi. Za fizi ya ku yunivesite, lilipo bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole, idzabwezedwa. Koma ndamvapo anzanga akunena ali Fomu 2 kuti "ngakhale ndikhoze, adzandilipirira ndani?" n'kusiya kulimbikira. Kumeneko n'kulira maliro munthu asanadwale. Peza kaye magirediwo, vuto la fizi lidzakupeze uli ndi kalata m'manja.

Wina afunsa kuti, nanga amene sadzasankhidwa, zaka zinayi zonsezo zapita pachabe? Ayi ndithu, ndipo apa ndi pomwe mfundo yanga ikulimbira. Makirediti omwewo a Chingerezi, Masamu ndi sayansi ndi amene amafunidwanso kwina. Sukulu ya anamwino ya pa Mulanje Mission ili pakhomo pathu pomwepa, ndipo nayonso imayang'ana sayansi. Makoleji a aphunzitsi alipo ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Kuli Domasi ku Zomba. Kuli masukulu a ntchito zamanja a TEVETA ngati Soche ndi Nasawa, komwe wa zamagetsi kapena zomangamanga Masamu amamuthandiza tsiku lililonse. Ngakhale m'maesiteti a tiyi otizungulirawa, pali kusiyana pakati pa wothyola masamba ndi wolemba makilo, ndipo pa Mimosa pali malo ofufuzira za tiyi pomwe pamagwira ntchito anthu amene anaphunzira sayansi. Tiyi amamera kuseri kwa nyumba zathu, koma ndi angati a ife amene timaganizako zodzakhala ofufuza za tiyiyo? Munthu wokonzekera yunivesite n'kuiphonya amagwera pamalo abwino. Wokonzekera "satifiketi basi" akaphonya amagwera pa basi ya ku Joni, ngati ya thiransipoti yapezeka.

Ineyo panopa ndikulimbana ndi zomwe ndili nazo. Geography ndinaitenga, mwamwayi, ndipo Masamu ayamba kundimvera. Ndikuyang'ana maphunziro omwe angandifikitse pafupi ndi zomwe ndinkafuna, mwina uphunzitsi wa Geography, kuti ndizidzafotokozera ana za mitambo ndi mapiri ngakhale sindidzakhala wolosera. Ena andiuza kuti ndikhoza kudzalembanso Physics chaka china ngati wophunzira wapadera. N'zotheka, koma ndi chaka china, ndalama zina, ndi kuphunzira zaka ziwiri za phunziro m'miyezi yochepa popanda mphunzitsi wa tsiku ndi tsiku. Mphindi khumi zija zandidulira choncho. Amayi amandifunsabe za mphale, ndipo ndimawayankha, poti kuyang'ana mitambo pa Sapitwa sikufuna kirediti.

Nyuzipepala ya msuweni wanga ija ndinaisunga. Ndi yakale, ndiye zina mwina zinasintha, muzidzaonanso chilengezo cha chaka chanu. Koma mayina a maphunziro ndi zomwe amafuna zikuoneka bwinobwino. Lachitatu lililonse tikaweruka ndizikhala nayo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2. Bwerani ndi kope ndi cholembera. Musaing'ambe chonde, ndi imodzi yomweyo.